Timitsempha ta m'Mutu mwa Achemwali

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko?

Ine Patuma ndilipo. Chimanga chaka chino chachita pang'ono, nandolo ndiye wakaniratu. Mkazi wa mwana wanu Juma wachira, ndi mwana wamkazi, akuti mphuno ndi yanu. Ndinamunyamula, ndinamubwezera kwa mayi ake. Sindinamve kanthu mumtima, sindikunamizeni.

Nkhani ndi ya achemwali Asiyatu. Anagwa m'mawa akugulitsa tomato pamsewu ku Phalula, kukamwa kutapotoka, dzanja lamanja lili lende. Azimayi anzawo anawanyamula mpaka kunyumba. Alamu, amuna awo, anati sangapite nawo kuchipatala atsibweni asanamve, kuopa kuti zikavuta panjira eni mbumba adzawafunsa. Atsibweniwo anali kumaliro ku Nselema, foni yothima. Muli moyo munkakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha, amayi. Ine ndinkangowapukuta dovu ndi nsonga ya chitenje.

Atsibweni anafika dzuwa litapendeka. Kuchipatala cha kuno anati ndi sitiroko, natitumiza ku Blantyre. Kumeneko anawabaya mankhwala oti mitsempha iwale pachithunzi, nawalowetsa m'makina ojambula ubongo. Adokotala anandiitana kuti ndione. Mtsempha waukulu wa kumanzere unali utatsekeka ndi magazi oundana. Kenako anandilozera timitsempha ting'onoting'ono ta m'mbali, tolambalalitsa magazi, monga tichitira mlatho ukakokoloka, kudzera m'minda ya anthu. Anati achemwali ali nato tambiri, ena sakhala nato. Kumene timitsemphato tinafikitsa magazi, ubongo uli moyo, n'chifukwa chake mwendo ukugwedezeka. Koma panali pena pakuda bii, ndipo anati pamenepo ndi pochokera mawu. Timitsempha totere akuti timangogwirizira kudikira thandizo, likachedwa timatopa.

Anandifunsa nthawi imene anagwa. Ndinawauza. Sanandikalipire, anangothimitsa chithunzicho.

Pano tili kunyumba. Akuyenda ndi ndodo, kukoka mwendo. Dzanja iyayi. Atsibweni amabwera Lachisanu akatuluka kumzikiti, atanyamula nthochi, n'kukhala pakhonde maso ali pansi. Alamu aonda. Palibe amene watchula za tsiku lija, inenso sinditchula. Anthu akuti Patuma ndi wolimba mtima chifukwa sindinalire. Kulimba kwake kuti? Ndimangodzuka, kusesa, kuwatembenuza, kuphika phala.

Mawu onse anapita, amayi. Munthu uja ankaitanira makasitomala mpaka tsidya la msewu kumva, watsala ndi liwu limodzi. Akafuna madzi amati, "Amayi." Akafuna kupita kuseri, "Amayi." Mwana wawo wamng'ono akalowa ndi matope kumapazi, amamutuzulira maso n'kunena lomwelo. Adokotala anati kwa ena mawu amabwerera pang'ono, kwa ena ayi, sangalonjeze.

Masiku onsewa ndakhala ndikuwakonza kuti ayi achemwali, ndine Patuma, tanenani Pa-tu-ma. Amayesa mpaka thukuta, kenako amatembenukira kukhoma. Dzulo ndikuwasambitsa anandigwira mkono ndi dzanja lamoyo lija, kundiyang'ana m'maso, nati, "Amayi." Ndinalibe mphamvu zowakonza. Ndinangoti, "Ndili pano." Anatseka maso, naweramitsa mutu kuti ndiwathire madzi.

Musandikwiyire kuti ndayankhira dzina lanu. Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza kuti akamakuitanani ndiziyankha msanga, osadikira kuti wina abwere adzavomereze.

Ndine mwana wanu,
Patuma