Ndawapeza a kwa Muhiwa

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Felesiya, musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Ndinalowa sukulu ya kwacha ndi imvi zangazi, ndiye lero sindituma munthu. Khalani pansi, nkhani ndabwera nayoyi si yomvera choimirira.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mdzukulu wanu Agnesi wabereka wina, wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Nandolo wachita bwino koma chimanga chinapserera, ndipo mbuzi za eni ake zinandithera chinangwa cha kumunsi kwa Michesi. Ndinawalankhula, mukundidziwa. Makadi a chipani aja ankatigulitsa mokakamiza pakhomo la msika anatha. Nkhondo ya ku Mozambiki nayo inatha, Amayi! Othawa aja anabwerera, njira inatseguka. Tsiku la msika ku Chiringa mungadabwe: njinga mndandanda zitasenza chimanga, nyemba ndi makaka, pobwerera zitamanga shuga, sopo ndi mabeseni. Womasulira safunika, Chilomwe chokhachokha. Chaka chino tikudya chimanga cha kwanu.

Mwa anjingawo muli mnyamata wina, Alubeto. Wamtali, waulemu, koma pamalonda woumira ngati mwala. Ndinkakangana naye msika uliwonse, osadziwa kuti akapita Joyisi wa Agnesi amamuthirira ndi basela pamwamba. Joyisi uja munamusiya akugweluka mano, pano ndi namwali wotha msinkhu.

Ankhoswe atabwera ndinafunsa monga munkatiphunzitsira, kuti usamafunse chimene munthu ali nacho, uzifunsa bele limene anayamwa. Malume ake a mnyamatayo anatchula mudzi wa kuseri kwa Milanje, kenako n'kuti, "Ife ndife a kwa Muhiwa."

Amayi, chikho chinandipulumuka m'manja. Muhiwa! Mlongo wanu uja anatsala ndi mng'ono wanu wamkazi pamene inu munkathawa chibalo cha Apwitikizi. Ndinafunsa kuti kodi ndinu ana ake a Muhiwa, kapena ndinu mbumba yake yobadwa kwa mlongo wakeyo? Bamboyo anangokanda m'mutu, amvekere, "Ndi agogo athu basi." Amuna! Mayina a zitsulo za njinga amawadziwa onse, koma amayi a amayi awo ayi.

Ndinati ukwati uyambe waima. Ngati Alubeto ndi wochokera kwa mng'ono wanu, ndiye kuti ndi bele lathu, Joyisi akukwatiwa ndi mlongo wake. Malaulo amenewo pakhomo panga ayi. Joyisi analira masiku atatu osadya. Agnesi amvekere, "Amayi, zakalekalezi mukuzifukuliranji?" Ndinati, "Iweyo unagwa mumtengo? Zakalezo ndi zimene zinakubereka."

Ndiye ndinapita kukadzifunsira ndekha. Ine, nkhalamba, pakaliyala ya Alubeto masiku awiri! Msanawu mpaka lero ukundizenga mlandu. Pamalire msilikali anandilankhula Chipwitikizi, ine n'kumuyankha Chilomwe. Anaseka n'kuti, "Pitani agogo, mwachedwa kale."

Kumudziko ndinapeza amayi a amayi ake a Alubeto, dzina lawo Rozita, wamsinkhu wanga. Asanandipatse ndi moni anayang'ana mapazi angawa nthawi yaitali. Tinakhala pamphasa, tinatenga maso a chimanga, diso limodzi mayi mmodzi, aliyense n'kumandandalika mzere wake. Alubeto anaima potero thukuta lili kamukamu. Mizere ija sinakumane, Amayi! Rozita ndi mwana wake weniweni wa Muhiwa, ndipo amayi ake anali a ku Guruwe, bele lina. Mng'ono wanu anamwalira asanakwatiwe, Mulungu amusunge.

Ndiye kuti ine ndi Rozita ndife asuweni, ndipo zidzukulu za asuweni ndani anaziletsa kukwatirana? Nthungululu zinamveka mpaka kumtsinje. Rozita pomwepo anayamba chisuweni: "Mapazi a abambo anga onsewa, koma ukuwayendetsera kudzapempha chimanga. Kwanu makasu anatha?" Ndinati, "Chimanga ndimagula, chimene ndadzatenga chaulere ndi mdzukulu wakoyu, akandilimire." Ndapeza mnzanga wa pakamwa. Anandiphikira kalongonda wonga wanu, ndipo anandimangira chitenje cha kwawoko, chimene amati kapulana.

Tsopano imvani ichi. Mlongo wanu sanafe ku chibalo monga munkaopera. Anakalamba, anaona zidzukulu, anafera pakhomo pake nkhondo isanayambe. Koma Rozita akuti mpaka tsiku lomaliza ankakhulupirira kuti inu munafera m'njira. Munakhala zaka zonsezo mukulirana, pakati panu pali ulendo wa masiku awiri panjinga. Ngati simunakumane kumeneko, mfunefuneni, aliko.

Ukwati tauika tikatha kukolola nandolo. Alubeto wayamba kale kuumba zidina, amanga pabwinja lanu lija, pachikamwini. A kwawo alonjeza kubwera ndi ng'oma za tchopa, ife tili ndi zathu, tiona amene ayambe kutopa. Joyisi akudya tsopano, mpaka ndikuchita kubisa ndiwo.

Rozita wanena kuti afika kutatsala sabata kuti ukwati uchitike. Ndikukulonjezani, Amayi, asanalawe ngakhale thobwa ndidzamugwira dzanja n'kubwera naye pamene mwagonapo. Tidzalambula tonse awiri, kenako ine ndidzatseka pakamwa pangapa, kamodzi kokha pamoyo wanga, kuti akuuzeni yekha za mlongo wanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya