Loko wa Padenga ndi Msana wa Mayi Rakić

KOMITI YA OKHALA M'NYUMBA YOSANJA NAMBALA 14, KRUŠEVAC

Tsiku: Lachiwiri, pa 9 Julayi 2019
Malo: Chipinda chosungira njinga, kunsi kwa masitepe
Opezeka: Bambo Vukašin Perić (Wapampando), Mayi Grozdana Ilić (Mlembi), Bambo Živorad Matić, Mayi Ljubinka Savić
Woitanidwa: Mayi Tijana Rakić a pa nsanjika yachisanu. Anabwera ndi mapasa awo a zaka ziwiri, amene sanaitanidwe.
Wopepesa: Bambo Obrad Simić, amene akuti ali kumudzi kothyola zipatso. Aka n'kachinayi.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano 5 koloko madzulo. Mlembi anapempha kuti zenera litsegulidwe poti m'chipindamo munali ngati mu uvuni. Bambo Matić, amene anafika atadzikulunga mpango waubweya m'khosi, anati wotsegula zenera adzayankha mlandu wa imfa yawo. Zenera silinatsegulidwe. Madontho ali papepalali ndi thukuta la Mlembi.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinavomerezedwa. Palibe amene anaziwerenga.

3. Pempho lokhoma chitseko cha padenga

Bambo Matić anadandaula kuti masana aliwonse Mayi Rakić amakwera padenga kukadziwamba padzuwa, n'kuika njerwa pachitseko kuti chisatsekeke. Wina akangotsegula khomo la pansi, promaja, mphepo yodutsa pakati pa makomo awiri, imatsika masitepe onse. Anati mphepoyo yawaumitsa khosi, ndipo ndi yomweyo inapha msuweni wawo ku Niš. Mlembi anakumbutsa komiti kuti msuweniyo anali ndi zaka 91. Bambo Matić anati ndiye kuti akanafika 100. Anapempha kuti pachitsekopo paikidwe loko.

Mayi Savić anagwirizana nalo pempholo. Izi zinadabwitsa komiti, popeza awiriwa sanagwirizanepo chilichonse chiyambire 1998.

Poyankha, Mayi Rakić anati mapasa amagona kuyambira 12 mpaka 2 koloko, ndipo njerwayo ndi yoti azimva akalira. Anapempha kuti mawu awo kwa Bambo Matić, amene amawatcha čika, kutanthauza malume, alembedwe momwe awanenera: "Čika Živorad, tsiku lonse ndimakhala ndi anthu awiri amene amadya makrayoni. Maola awiri amenewo ndi anga. Mukakhoma, ndizibwera kudzagona pakhomo panu, mafuta ndi zonse."

Wapampando anafunsa chimene munthu amapsera dala. Mayi Rakić anati anzawo a kusitolo ya nsapato, kumene ankagwira ntchito, amabwerako kunyanja ku Greece atada bii. "Akandipeza pamsika ndili mbuu amati, 'Iii Tijana, ukudwala?' Ndikada amayesa nane ndapita kunyanja, nkhani imathera pomwepo." Atafunsidwa chimene amadzola, anati mafuta a olivi, nthawi zina mowa, ndipo akapsa kwambiri amapaka yogati. Wapampando anati akazi awo amakonza nkhuku mwanjira yomweyo. Kenako anapepesa.

4. Chifukwa chimene Mayi Rakić sapita kuntchito

Nkhaniyi sinali pamndandanda, koma inalowa yokha. Bambo Matić anati mkazi wapantchito sapeza nthawi yodziwamba, ndipo vuto ndi ulesi. Wapampando anati si ulesi, koma mwamuna wawo amayendetsa thiraki ku Germany, ndiye pakhomo pamafunika munthu. Mlembi anati kusukulu ya mkaka kulibe malo, koma palibe anamumvera, monga mwa nthawi zonse. Mayi Savić anati iwo analera ana atatu akusoka malaya kufakitale, akudzuka 4 koloko, ndipo palibe anawapatsa mendulo.

Mayi Rakić anati aliyense walondola pang'ono, ngakhale Bambo Matić, ndipo sakulakalaka kubwerera kwa bwana wokuwa kapena kumapazi a ogula nsapato. Kenako anatembenukira kwa Mayi Savić, amene amawatcha teta, kutanthauza azakhali. "Koma teta Ljubinka, inu mukudziwa. Ndinakulira m'nyumba muno, kiyi ali pachingwe m'khosi. Ndinkakhala pamasitepe kudikira amayi aweruke. Amene munkandipatsa buledi wopaka mafuta a nkhumba si inu? Tsiku lomwe ndinabereka ndinalumbira kuti anga sadzadikira munthu pamasitepe. Masiku ena ndimafuna kukawagulitsa pamsika onse awiri, wina ngati basera. Koma sindinawasiyepo ndi munthu ngakhale ola limodzi, ndipo sindidzatero."

Mlembi akukakumbukira kamtsikana kapamasitepe kaja, ndipo akuvomera kuti ankakalambalala.

Mayi Savić anati, "Ndiye ukufuna akakudikire kumanda?"

Wapampando anapempha kuti mawuwo abwezedwe. Mayi Savić anakana. Anati iwo amayanika zovala padenga pomwepo, ndipo chiyambire Meyi akhala akuona kadontho kakuda kunsi kwa phewa lamanzere la Mayi Rakić. Poyamba kanali ngati njere ya tsabola. Lero kakula ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, m'mbali mwake mwakhala mokhotakhota, ndipo kali ndi mitundu iwiri. Anati malemu amuna awo, amene anathira phula m'misewu zaka makumi atatu osavala malaya, anali ndi kotero komweko.

"Ndinamupaka kachasu wa rakija ndi masamba a kabichi chaka chathunthu, chitsiru ine. Pomwe tinkafika kwa dokotala anati ndi khansa ya pakhungu ndipo tachedwa. Promaja ndilibe nayo ntchito ine. Ndimafuna loko kuti mwana uyu achoke padzuwa."

Bambo Matić anapempha kuti zilembedwe kuti aperekedwa ndi mnzawo. Zalembedwa.

Wapampando anafunsa chimene Mayi Savić sanangomuuzira mwini wake. Iwo anati, "Ndikanayamba bwanji? Sitilankhulana chiyambire nkhani ya zopanira zovala." Mayi Rakić anati zopanirazo zinali zawo. Mayi Savić anati zinali zobiriwira, ndipo zobiriwira zonse ndi zawo. Wapampando anaimitsa nkhaniyo.

Mayi Rakić anaseka, n'kunena kuti kadonthoko anabadwa nako. Mayi Savić anati, "Unauona liti msana wako, iwe? Mwamuna wako ali panjira, ana ako amadya makrayoni. Wouona ndine ndekha."

Komiti inagwirizana zoona ndi maso. Abambo awiri anayang'ana kukhoma atanyamula mwana mmodzimmodzi, ndipo Mayi Rakić anakweza bulauzi. Mlembi anavala magalasi n'kuyang'ana, kenako anajambula ndi foni n'kumuonetsa mwini wake. Mlembi anagwira ntchito kupositi, si dokotala, ndipo kadontho sikuti nthawi zonse ndi matenda. Koma anachita mantha, ndipo akulemba choncho.

Mayi Rakić anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kuseka kunatha. Ananena chapansipansi kuti kuchipatala munthu amatha tsiku lonse pamzere. "Nanga ana ndiwasiyira ndani?"

Mayi Savić anati, "Ine ndafa?"

Mayi Rakić anati analumbira. Mayi Savić anati, "Unalumbira za masitepe. Kwanga kuli mpando, ndipo buledi alipo." Mayi Rakić analira, mapasa nawo analira, ndipo msonkhano unaima mphindi khumi.

5. Zomwe zagwirizanidwa

(a) Loko aikidwa. Kiyi azisunga Mayi Savić, ndipo azimupereka 5 koloko ikakwana, kwa munthu wovala chipewa ndi malaya.
(b) Mafuta a olivi abwerere kukhitchini.
(c) Lachinayi m'mawa Mayi Rakić apita kwa dokotala wa khungu. Bambo Matić anadzipereka kukawatula pagalimoto yawo, mazenera ali otseka. Mayi Rakić anati pobwerera akwera basi.
(d) Mapasa atsala ndi Mayi Savić.

6. Zina ndi zina

Mayi Rakić anayamba kutchula malangizo osamalira ana, ndipo anapempha kuti alembedwe. Atafika pa langizo la 17, lokhudza kadulidwe ka nthochi, Mayi Savić anati analera atatu ndipo onse akuyenda ndi miyendo yawo. Mayi Rakić anapitiriza mpaka 26. Mlembi walemba onse patsamba lapadera, ndipo Mayi Savić analipinda n'kuliika m'thumba la epuloni.

7. Msonkhano wotsatira

Mwa malamulo athu unayenera kukhala mu Okutobala. Wapampando analamula kuti ukhale Lachinayi lomwe lino, pa 11 Julayi, kuyambira 1 koloko masana, pabenchi ya panja pamene pamaonekera siteji ya basi. Mlembi anafunsa nkhani zoti aike pamndandanda. Wapampando anati palibe, tizingokhala mpaka Mayi Rakić atsike basi.

Msonkhano unatsekedwa 6:40 madzulo.

Vukašin Perić, Wapampando ....................

Grozdana Ilić, Mlembi ....................