Ndime 22 Sindichotsa

Lachiwiri, 4 Malichi

Komiti ya zaumoyo, chipinda chachitatu, fani sanakonzebe. Nkhani yake: unduna ukufuna kutseka tizipatala ta amayi oyembekezera kuti onse azikachilira kuchipatala chachikulu. M'mawa aphungu khumi ndi anayi, onse asaina pepala langa la obwera. Titadya nkhomaliro, asanu okha. Enawo akuti "tikubwera", koma zikwama anyamula.

Masana mboni, mzamba wochokera kudera komwe anayesako kale ndondomekoyi. Nsapato zafumbi, mawu otsika. Akuti amayi atatu anafera panjira m'miyezi isanu ndi umodzi. Watchula masiku ake, watchula mtunda wake. Sanalire. Ine ndalemba zonse. Zaka khumi ndi chimodzi ndili kalaliki wa komiti, lero ndi pomwe ndaona kuti ntchitoyi si yogawa madzi ndi mapepala chabe.

Lachisanu, 7 Malichi

Lipoti ndamaliza. Mawu a mzamba ali pa ndime 22.

Apampando andiitana. "Mayi, ndime iyi ichoke. Masana aja sitinakwane, ndiye umboni uja anali macheza basi." Zoona, lamulo limafuna asanu ndi awiri. Koma lamulo lomwelo limati msonkhano umaima pokhapokha phungu atapempha pomwepo kuti awerengane. Palibe anapempha. Iwowo anali pampando, maso pafoni. Nduna ndi ya chipani chawo, sindine mwana.

Ndati ndamva. Sindinati ndichotsa.

Lolemba, 10 Malichi

Abwana athu a makalaliki, mokoma ngati akundipatsa tiyi: "Kuchipinda cha mafayilo kukusowa munthu." Ndiye kuti pansi paja, popanda windo, popanda maulendo a komiti. Fizi ya mwana teremu ikubwerayi imadalira alawansi ya maulendo omwewo.

Bambo a kunyumba ati, "Anzanu akudya bwino, inu mudya ndime?" Ndaseka, kenako ndapsa mtima tsiku lonse. Mantha ndili nawo, ndisaname. Koma mzimayi uja anakwera mabasi awiri kudzalankhula ndi mipando yopanda anthu. Ine ndimufufutenso? Ayi.

Lachinayi, 13 Malichi

Tsiku lovomereza lipoti. Mwa nthawi zonse: kalaliki awerenga ndime, aphungu ati "tavomera", tipite kwina. Lero onse khumi ndi anayi, mataye onyezimira.

Pa 22 apampando andidula, nkhani yomwe ija yosakwana. Ndaimirira. Ndati ndikonza, koma andipatse mayina a amene anatuluka ndi nthawi yake, ndilembe m'mamineti, chifukwa pepala langa likuonetsa onse tsiku lathunthu, ndipo ndi lomwelo linapita kwa olipira alawansi.

Wina kutsokomola, wina kufufuza m'chikwama chinthu chomwe mulibe.

Ndiye phungu wachikulire uja timamutcha Atulo, wogona msonkhano uliwonse: "Ine ndinalipo. Ndinatsinzina koma ndinamva. Amayi atatu." Basi kwatseguka. "Nanenso ndinalipo." "Inetu ndinangopita kukasamba m'manja." Mpaka onse anapezeka kuti analipo, ngakhale uja ndinamuona pawindo akukwera galimoto. Ndalemba mmene anenera. Ndime 22 yavomerezedwa, popanda wotsutsa.

Apampando sanandiyang'ane. Bola.

Lachitatu, 19 Malichi

Kalata yabwera, mizere itatu. Kumafayilo kuyambira mawa. Ndalira kuchimbudzi mphindi zisanu, ndasukusula, ndapereka makiyi kwa kalaliki watsopano. Ndinamuphunzitsa ndekha ntchito, amalephera kundiyang'ana. Ndamuuza asachite manyazi, angosamala pepala la obwera.

Bambo a kunyumba sanandiseke. Agula shuga, aphika okha.

Lachisanu, 28 Malichi

Fumbi, chimfine, mashelefu. Lipoti linaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo Lachiwiri, sanakambiranebe.

Mzamba waimba foni cha m'ma teni. Amuimitsa ntchito, akuti analankhula popanda chilolezo. Sanadandaule. Anangofunsa, "Mawu anga analowa?" Ndamuwerengera ndime yonse, pang'onopang'ono. Nditamaliza, wati: "Mukonze, achemwali. Pano ndi anayi. Dzulo, panjinga."

Ndamuuza kuti lipoti silikonzedwanso, ndipo ine sindinenso wa komiti. Ati pepani, ngati wolakwa ndi iye. Apa ndiye mtima wandiwira.

Kalata iliyonse yolembera komiti, ikangodindidwa kuti yalandiridwa, iyenera kuwerengedwa pamsonkhano. Anthu sadziwa, ndipo palibe amawauza. Ndamuuza alembe lero, tsiku, mtunda, njinga, zonse. Atumize kwa ine pabasi. Wafunsa ngati sandichotsa ntchito. Ndati mwina.

Lolemba eyiti koloko ndili pakauntala yolandirira makalata, kalata yake m'manja, ndipo sindisuntha mpaka adinde.