Kabokosi Koyeza Utsi

Lachisanu, pa 16 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno thupi lili bwino, koma sabata ino sindikukhazikika. Ndikakhala pa makina osokera ndimafuna kuimirira, ndikaimirira ndimafuna kuyenda, ndikafika pamsewu sindidziwa chimene ndatulukira. Lachitatu ndinasoka thalauza la mphunzitsi wina mpaka kutseka matumba onse awiri. Mwini wake anayesa kupisa manja, n'kundifunsa ngati ndi fashoni yatsopano. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za utelala, zotere zinali zisanandichitikirepo.

Nkhani imene ndikulembayi sindinauzepo munthu aliyense wa m'banja mwathu. Ndikupemphani muiwerenge mpaka kumapeto musanaitane mwana wanga, chifukwa ikumukhudza.

Mukukumbukira kuti zaka zinayi zapitazo kunabwera anthu a kafukufuku kuno. Ankafuna kudziwa zimene utsi wa makala umachita m'mapapo mwa amayi ophikira m'nyumba. Mabanja mazana awiri analembetsa, ifenso tinalembetsa. Mwezi uliwonse kunkabwera bambo wina pa njinga yamoto n'kupachika kabokosi pakhoma la khitchini. Kanali kofanana ndi mtanda wa sopo, kankalira pang'ono ngati udzudzu, ndipo m'kati mwake munkakhala kapepala koyera kozungulira. Pakatha masiku awiri bamboyo ankabwera kudzakachotsa n'kupita ndi kapepalako kokayeza.

Khitchini yathu mukuidziwa. Ilibe zenera, ili ndi kabowo kamodzi pamwamba pa chitseko, ndipo kabowoko tinatseka ndi chiguduli chifukwa cha makoswe. Alamu anu, mkazi wanga, ankaphikira momwemo, ankakolezeramonso makala a simbi yositira zovala za anthu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Mwezi woyamba kapepala kanatuluka kakuda ngati polishi wa nsapato. Bamboyo anatsegulira kabokosiko pakhonde, ndipo mwatsoka panali a Wayilesi, mayi woyandikana nafe uja. Dzinali anawapatsa ndi anthu chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana ili kumsika.

"Aneba," anatero, "inu amene mumatsuka ndi mwala wa pakhomo womwe, kapepala kanu n'kameneka? Kangatu kanangotuwa."

Bambo wa njinga anafotokoza kuti si litsiro, ndi utsi, koma palibe anamumvera. Mukudziwa mmene alamu anu ankanyadira ukhondo. Anthu ankawapatsa ndi madiresi a ukwati omwe chifukwa cha mbiri imeneyo. Tsiku limenelo anakwecha makoma a khitchini ndi burashi mpaka zala zinasupuka, ndipo atamaliza anandifunsa kuti, "Bambo, anthu akamva kuti kuno n'kwakuda, adzatipatsanso zovala zawo?"

Mwezi wachiwiri, njinga itangokhota pakona, ndinachotsa kabokosi kaja n'kukakapachika kuchipinda kwathu, pa msomali wa jekete yanga, pafupi ndi zenera. Tsiku lodzakatenga ndinakabwezera m'khitchini. Kapepala kanatuluka koyera. Bamboyo anafunsa chimene tasintha, ine ndinati tatsegula kabowo kaja, iye n'kulemba m'buku lake. Ndinachita zimenezi miyezi khumi ndi umodzi. Alamu anu ankadziwa. Akamva njinga patali ankandiitana kuti, "Bambo, mlendo wanu uja akubwera," ine n'kusiya nsalu pa makina kuthamangira kuchipinda. Tinkaseka, Achemwali. Sindikubisirani, tinkaseka ngati ana.

Chaka chitatha, amayi onse a mapepala akuda anaitanidwa kuchipatala. Anauzira mpweya m'chubu choyezera mapapo, anawajambula pachifuwa, ena anapatsidwa mankhwala, ndipo onse analandira mbaula ya paipi yotulutsira utsi kunja. Ife tinalandira kalata yothokoza. Nthawi imeneyo alamu anu anali atayamba kale kutsokomola, koma tinkati ndi chimfine cha nyengo yozizira. Zotsalazo mukuzidziwa, munalipo masabata atatu omaliza aja.

Loweruka lapitali anthu a kafukufuku anatiitana ku holo ya sukulu kuti atiuze zimene anapeza. Ndinapita chifukwa kalata yoitanira inali ndi dzina la alamu anu, ndipo sindikanatha kungoiponya m'dengu la zidutswa za nsalu. Amene ankalankhula ndi adokotala aakazi, amene amatsogolera ntchitoyo, munthu wolankhula mosathamanga. Anati apeza kuti mayi wophikira m'chipinda chopanda zenera, mapapo ake amakalamba msanga kuposa mwini wake. Anati ana obadwira m'nyumba zotero ambiri amabadwa ochepa thupi. Anati anayezanso mwaye wa pamasamba a mitengo ya m'mbali mwa msewu, ndiponso mapapo a makoswe ogwidwa m'makhitchini. Mkulu wina wokonza mawotchi anafunsa ngati makoswewo anasaina nawo pepala lovomera, holo yonse n'kuseka. Inenso ndinamwetulira.

Kenaka anaonetsa pakhoma chithunzi cha timadontho. Kadontho kalikonse kanali nyumba imodzi. Timadonthoto tinkakwera pamodzi, utsi ukachuluka matendanso n'kuchuluka. Koma pakona panali kamodzi kokhala pakokha. Adokotala anakaloza ndi ndodo.

"Nyumba iyi yatizunguza mutu," anatero. "Mpweya wake unali wabwino kuposa nyumba zonse, koma mayi wa m'nyumbamo anadwala mapapo kwambiri, ndipo anatisiya. Sitikudziwa chifukwa chake, ndipo mu lipoti tilemba kuti sitikudziwa."

Sanatchule dzina, koma mitu inatembenukira kwa ine. A Wayilesi anaimika mkono.

"Adokotala, musavutike n'kubisa, tonse tikuwadziwa. Anali aneba anga. Ndiye ndikufunseni. Ngati wa kapepala koyera anapita, ife a mapepala akuda tidakali pano, utsiwo walakwa chiyani? Ine zouzira m'chubu ndatopa nazo, sindine woimba lipenga."

Amayi anaseka, ena n'kuwomba m'manja. Adokotala anayesa kufotokoza kuti nyumba imodzi singafufute nyumba mazana awiri, koma anthu anali atayamba kale kutola zikwama. Panali amayi makumi atatu amene ankafunika kulembetsa kuti akayezedwenso, ndipo analembetsa asanu ndi awiri okha. Ine ndinangokhala pa benchi, chipewa chili pabondo.

Achemwali, a Wayilesi akutsokomola. Mbaula ya paipi imene analandira anaisandutsa poikapo beseni, akuti imachedwetsa mphika. M'mawa uliwonse ndikamatulutsa makina pakhonde ndimawamva kuseri kwa khoma, ndipo chifuwacho ndimachidziwa. Chimayamba chouma, chimathera ndi kamluzu. Ndinakhala nacho m'nyumba zaka ziwiri.

Lolemba ndinanyamuka kupita ku ofesi ya kafukufuku. Ndinafika pageti, mlonda n'kundipatsa moni, ine n'kupitirira ngati ndikupita kwina. Ndinabwerako ndi ulusi wobiriwira umene sindikudziwa kuti ndidzasokera chiyani. Lachiwiri ndinayesa njira yachidule. Ndinawapeza a Wayilesi akuyanika zovala.

"Amayi, chifuwacho mukanakapimitsa," ndinatero.

"Atelala, udokotala mwauyamba liti? Kasokeni mabatani." Atatero anandiyang'ana n'kutsitsa mawu. "Musandimve molakwa. Akazi anu anali aukhondo kuposa tonsefe, ndipo mapepala anachitira umboni. Ngati iwo sanapulumuke, ine chubu chindithandiza chiyani?"

Ndinabwerera pa makina. Sindinasoke kanthu tsiku limenelo, ndinangosesa pakhonde kawiri.

Dzulo ndinalowa pageti paja. Anandikhazika m'chipinda chokhala ndi firiji yaikulu ndi mashelefu odzaza timapepala tija, kalikonse m'kathumba kake ndi nambala yake. Adokotala atabwera ndinawauza zonse ndili chiimire, ngakhale anandilozera mpando kawiri. Sanakalipe. Anavula magalasi, kenaka anatumiza uthenga kuti bambo wa njinga abwere ndi buku lake. Bamboyo atamva anagwira pakamwa.

"Ndinkadabwa," anatero. "Denga lakuda bii, kapepala koyera."

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa adokotala.

"Ndinawafunsa, mayi, anandiyankha. Munthu wamkulu ngati uyu ndikanamutsutsa m'nyumba mwake?"

Adokotala anatenga cholembera n'kuyamba kundifunsa. Miyezi iti, msomali uli patali bwanji ndi zenera, chitseko cha kuchipinda chinkakhala chotseka kapena ayi. Ndikanakonda akanandilalatira, chifukwa mafunso odekhawo anandilemera kwambiri. Atamaliza ndinafunsa langa, limene ndinabwera nalo.

"Mukanawaitana nthawi ija, bwenzi ali moyo?"

"Sindikudziwa, bambo," anayankha. "Matenda amenewa satha, koma tikawapeza msanga timawachedwetsa. Mwina zikanawonjezera zaka ziwiri, mwina zisanu, mwinanso sizikanasintha kanthu. Sindikufuna kukupatsani yankho longokusangalatsani."

Ndinawathokoza chifukwa cha zimenezo. Anati kadontho kaja akachotsa mu lipoti ndipo alemba chifukwa chake popanda dzina, imeneyo si ntchito yovuta. Chovuta n'chakuti amayi aja lipoti sawerenga. Mawa Loweruka aitanitsanso msonkhano ku holo komwe kuja chifukwa cha kuchepa kwa olembetsa. Anati angathe kulengeza okha kuti nyumba ina inayezedwa molakwika, koma akudziwa chimene anthu adzanene, kuti madokotala asintha manambala pofuna kupambana mkangano.

"Sindikukukakamizani," anatero. "Mwachita kale chinthu chimene ambiri sakanachita. Mukasankha kukhala chete, ine sinditchula dzina lanu."

Pobwerera ndinayenda wapansi, ndinasiya basi dala. Ndinaganiza za achimwene a alamu anu, amene pa maliro anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndinasamala mlongo wawo. Ndinaganiza za makasitomala, kuti munthu wonama miyezi khumi ndi umodzi angamukhulupirirenso ndi nsalu yawo. Koma kwambiri ndinaganiza za mwana wanga, amene mukumusunga kumeneko. Iye amadziwa kuti mayi ake anadwala, madokotala analephera, basi. Tsopano adziwa kuti panali kalata yoitanira kuchipatala imene sinabwere chifukwa cha dzanja la bambo ake.

M'mawa uno chifuwa chija chinayambanso kuseri kwa khoma, ndipo chinatenga nthawi yaitali kuposa masiku onse. Chitaleka ndinapita kukagogoda kwa a Wayilesi.

"Amayi, mawa mubwere ku holo, mukhale kutsogolo. Muuzenso anzanu onse aja."

"Kuli chiyani? Akugawa mbaula zina?"

"Ndili ndi mawu."

"Inu, Atelala? Chimwalirire akazi anu simunalankhule mawu okwana khumi." Anandiyang'anitsitsa, n'kuona kuti sindikuseka. "Chabwino, ndibwera. Ndiwakokanso enawo, asaphonye zachilendozi."

Choncho mawa ndikaimirira. Ndalemba mawu anga pa kapepala kuti ndisasochere, ndipo ndawafupikitsa katatu. Ndikanena kuti kapepala ka m'nyumba mwathu kanali kakuda kuposa onse, kuti ndinkachotsa kabokosi ndine, ndipo chimene chinadwalitsa mkazi wanga ndi utsi womwewo umene uli m'makhitchini mwawo. Pali chinthu chimodzi chimene sindikanena. Ndikawauza kuti ndinkachita ndekha, alamu anu osadziwa. Ndikudziwa kuti limenelinso ndi bodza, koma silichotsa mayi aliyense pa mzere wa kuchipatala, ndipo sindingalole kuti dzina la munthu wogona lizungulire msika. Ngati ndalakwa pamenepa mudzandidzudzule inuyo, ndidzamva.

Kalatayi ndikupatsira dalaivala wa basi ya madzulo ano kuti muilandire m'mawa. Msonkhano uyamba 10 koloko, ndipo mukudziwa kuti pofika masana nkhani idzakhala itafika kumeneko kudzera m'mafoni a anthu. Sindikufuna kuti mwana aimve kwa munthu wina. Mukamaliza kuwerenga mumupatse awerenge yekha, yonse, osadumpha tsamba. Ndi wamkulu tsopano, ndipo ayenera kudziwa zoona zonse, ngakhale zimene holo sikamva. Mukhale naye pafupi, koma musandiikire kumbuyo. Akakwiya musamuletse.

Pali pempho linanso laling'ono. Ndinaona ulendo watha kuti khitchini yanu ili ndi zenera limene simutsegula chifukwa cha fumbi. Muzilitsegula, fumbi limasesedwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti jekete yawo ndinamaliza ndipo matumba ake ndawayesa ndekha. Moni kwa ana onse, ndi kwa amayi a kutchalitchi amene anabwera nanu pa maliro. Inuyo Achemwali, zikomo chifukwa cha zonse zimene mwandisenzera zaka ziwirizi osandiwerengera.

Kwa mwana wanga ndayesa kulemba moni kangapo n'kufufuta. Mungomuuza kuti bambo ake akatha kulankhula mawa abwerera kunyumba osakhotera kwina, ndipo foni aiika pathebulo. Akafuna kuimba aimbe, ngakhale kuti angondifunsa mafunso. Akapanda kufuna, ndidikira, kaya ndi sabata, kaya ndi chaka.

Ndine mlongo wanu,
Telala