Kalongonda ndi Singano Yanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Nkolokosa tilipo. Chiperoni chabwera msanga chaka chino, moti zovala zikumachedwa kuuma pachingwe, ndipo bondo langa layamba kudandaula ngati lanu lija. Mdzukulu wanu Esinati wabereka mwana wamkazi. Tamutcha Rozina, dzina lanu, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya chipumi monga munkachitira inu ndiwo zikapserera. Mpeyala wa kuseri uja unabereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Chimanga sichinachite bwino, koma kalongonda amene munadzala kumpanda anameranso yekha, nayanga mpaka padenga la bafa. Nkhani imene ndakulemberani yagona pa iyeyu.

Mwana wanga Dalitso wapeza mbeta. Dzina lake ndi Amina, mtsikana wodekha wa ku Mpingwe amene amasoka zovala ku Limbe. Kwawo ndi Asilamu. Bambo ake, Che Saidi, amayendetsa lole ku Ginnery Corner, ndipo si munthu wovuta, koma pa nkhaniyi anali asanavomere. Dalitso anandiuza kuti funso lawo linali limodzi basi: mwana wawo akalowa m'banja la Akhristu, Alomwe odya chilichonse, azikadya chiyani? Ndiye tinawaitana kuti abwere ndi akazi awo adzaone pakhomo pathu Loweruka lapitali. Tonse tinkadziwa kuti akanyamuka osasamba m'manja, yankho likhala lomwelo.

Ndinakonzekera ngati mayeso. Ndinagula mapoto atsopano, chifukwa athu onse anaphikapo nkhumba, inu mukudziwa achimwene a Fabiano ndi nkhumba zawo. Ndinagula mpunga ndi nkhuku ziwiri zamoyo, ndipo ndinapangana ndi mnzathu wina wachisilamu wa kumtunda kuno kuti adzazizinge iyeyo. Paja kwa anzathuwa nyama imadyedwa pokhapokha ikazingidwa ndi Msilamu, atatchula dzina la Mulungu. Kalongonda ndinamutereka dzulo lake, koma ameneyo anali wathu, woti tidzadye tokha alendo akapita.

M'mawa mwake ndinathamangira kumsika kukatenga tomato. Pobwera ndinapeza a Fabiano atakhala pa mpando wanu, akumwetulira, nkhuku zija atazizinga kale, nthenga zili mbwee pabwalo. Anati anafuna kundipeputsira ntchito. Mnzathu uja anali asanafike n'komwe, ndipo alendo anali atatumiza kale uthenga kuti akwera minibasi.

Nditawafotokozera, achimwene anakanda m'mutu, kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Achemwali, nkhuku ikapsa siyankhula. Adziwa bwanji?"

Amayi, sindikubisirani, mawu amenewo anakhala m'khutu mwanga kwa kanthawi. Koma ndinakumbukira zimene munkanena tikamapereka mbale kwa mlendo, kuti munthu akatsegula pakamwa m'nyumba mwako wakupatsa moyo wake kuti umusungire. Nkhuku zija ndinazitumiza kwa Esinati, zikathandize mayi woyamwitsa.

Tsono panatsala chiyani? Mpunga, tomato, ndi mphika wanu wadothi umene unali pamoto kuseri. Ndipamene ndinazindikira kuti m'nyumba monse, mphika umene sunalawepo nyama chiumbireni ndi umenewo. Munkatikalipira tikangouyandikira ndi chipande cha ndiwo, mumvekere mphika wa kalongonda sudziwana ndi mafuta. Lamulo limene munabwera nalo kuchokera kwa agogo a ku Milanje linapezeka kuti lakonzera malo alendo a ku Mpingwe.

Koma inu mukumudziwa kalongonda. Akapanda kupsa bwino amazunguza mutu, munthu n'kumayenda ngati wamwa kachasu. Ndinaganiza za Che Saidi, munthu amene sanalawepo mowa moyo wake wonse, akutsika mtunda wa Nkolokosa akudzandira, atadya kwa ine. Ndipo aka kanali koyamba kuti ndimuphike inu kulibe. Ndinachita zonse monga ndinkaonera: kuwiritsa, kusenda makoko, kutaya madzi akuda aja kudzenje kumene nkhuku sizifika, kuthira ena, kutayanso, mpaka madzi atayera. Chinatsala ndi muyeso wanu uja. Wophika adye yekha chikhatho chimodzi, adikire, kenako alowetse ulusi pa singano. Ulusi ukalowa, itana anthu. Ukakana, sonkhezera moto.

Alendo anafika, Amina ali nawo, tinalonjerana, ndipo ndinawasiya ndi a Fabiano ndi Dalitso akumwa tiyi. Ine ndinazembera kuseri, ndinadya chikhatho changa, n'kudikira. Kenako ndinatenga singano yanu, ija munkaibaya pa kalendala ya kukhitchini. Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu, ndinalozetsa, unadutsa pambali. Ndinayesanso, unapindika. Bowo la singano limaoneka ngati awiri. Ndinati basi, kalongonda wandigwira, ukwati wa mwana wanga ndauphika ndekha.

Amina anandipeza choncho. Anabwera kuseri kudzafunsa ngati pali choti athandize. Ndinalibe mphamvu zonamizira, ndiye ndinamuuza zonse, za nkhuku, za mphika, za singano. Anandiyang'ana mmene ndinagwirira singanoyo, kutali ndi nkhope dzanja litatambasuka, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati magalasi anga ndinali nditawavala tsiku limenelo. Anali m'chikwama, Amayi. Ine mphunzitsi wa zaka zonsezi, amene sindiwerenganso dzina la mwana popanda magalasi.

Ndinati ndikawatenge, koma iye anati muyeso wa magalasi agogo sakanauvomera. Anasamba m'manja, anatapa kalongonda n'kudya. Ndinamugwira mkono kuti asatero, poti ndi mwana wa eni. Anandiyankha kuti, "Amayi, ngati ndidzadye pakhomo pano, ndiyambe lero."

Tinadikira tikudula tomato ndi anyezi, iye akundifotokozera mmene amayi ake amaphikira futali wa mbatata pa mwezi wa Ramadani, ine ndikumuyang'ana m'maso ngati akuzungulira. Nthawi itakwana anatenga singano. Telala ndi telala, ulusi unalowa kamodzi.

Pamenepo ndinakhala pansi pa mtondo, chifukwa ndinakumbukira chinthu. Zaka zanu zomaliza zija, kalongonda akapsa munkandiitana ine kuti ndidye ndi kulowetsa ulusi, mumvekere bwera uphunzire. Ine ndinkanyada kuti mwayamba kundikhulupirira. Kani maso anali atakuthawani, inu osafuna kunena? Ndinaseka, misozi ikutsika, mpaka Amina anadabwa kuti mwina kalongonda uja wandigwiradi.

Popereka chakudya ndinagwada n'kuwauza Che Saidi chilungamo: kuti nkhuku zinalipo koma zinazingidwa ndi dzanja lolakwika, kuti mpunga waphikidwa m'poto watsopano, ndipo kuti ichi ndi chakudya cha makolo athu, chochokera mumphika umene sunaonepo nyama. A Fabiano anangoti zyoli. Che Saidi anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Anati ali mwana amayi awo ankawaletsa kulandira nyemba za Alomwe, ati zimapengetsa. Akazi awo anawagunda ndi chigongono. Kenako anafunsa ngati alipo amene walawa kale, ndipo Amina, ali chigwadire pakhomo, anakweza singano ija ulusi ukulendewera.

Anaitanitsa madzi, Amayi. Anasamba m'manja, anati Bisimila, n'kudya. Anawonjezera tsabola, n'kutapanso. Atamaliza anatembenukira kwa achimwene n'kunena kuti, "Mukanatipatsa nkhuku ija sitikanadziwa. Mwana wanga ndikumupereka kwa anthu amene sanatipatse."

Potsanzikana, akazi awo anandigwira dzanja n'kunditcha asewere, ndipo anapempha kalongonda wotsala kuti akalawitse achemwali awo. A Fabiano tsopano akuuza aliyense kuti ukwatiwu anaukonza ndi iwo, ndi mpeni wawo. Ndangowasiya, paja munkati mwana wanu ameneyu mukamutsutsa amadwala.

Nyemba za chaka chino zauma kumpanda. Ndisunga mbewu, ina ndikadzala kumanda kwanu mvula yoyamba ikagwa. Mphika wanu sudzalawa mafuta ine ndili moyo, ndipo Amina ndimuphunzitsa zonse, kuyambira kusenda mpaka kutaya madzi. Ndikadzamuitana kuti adzalowetse ulusi, ndidzamuuza kuti bwera uphunzire, monga munkanenera inu. Kusiyana kwake n'koti iyeyu akudziwa kale.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani kwambiri pamene madzi akuda aja ayamba kuyera.

Ndine mwana wanu,
Felista