Moto Wophethira wa pa Muloza

Lolemba, 6 Julaye 1908

Wogulitsa mchere wabweretsa mawu: Eneles, mlongo wanga, akuthawa thangata la Apwitikizi. Awoloka mtsinje wa Muloza mdima ukagwa, sabata yomwe ino. Othawa amatsata moto wa abale awo tsidya lino. Tsono asilikali a Apwitikizi nawonso amasonkha moto padooko, wothawa akatsata wolakwika amakadzipereka yekha. Ndabweza mawu akuti atsate moto wophethira.

Esteri, mkazi wanga, waseka mpaka kutsamwa. "Moto uli ndi zikope, abambo?"

Lachiwiri, 7 Julaye

Aseke, sanaione nsanja ya nyali. Ine ndinagwirako ntchito, kunyanja ya mchere, ndisanathawire kuno. Apwitikizi anaimanga pathanthwe pomwe chombo chinasweka, kopanda mudzi, kopanda chitsime. Miyala yake anasenza anthu akwathu, ena osabwerako. Yoyera ndi laimu, kutalika kwake mtengo wa mbawa suifikako. Ndinkakwera ndi palafini pamutu, kupukuta magalasi, kutola mbalame zodzigunda. Nyaliyo inkazungulira: ngwee, bii, ngwee. Moto wamba aliyense amasonkha, koma wophethira umauza woyenda kuti pali munthu akumudikira.

Lachitatu, 8 Julaye

Ndazula chitseko cha nyumba, ndachimata dothi kuti chisapse. Moto pamwamba pa mwala woyang'ana kumtsinje. Kutchinga, kuchotsa, kutchinga. Chatheka!

Esteri: "Fisi akalowa, mumufotokozere za nyanja yanuyo."

Lachinayi, 9 Julaye

Chiperoni. Ngakhale phiri silikuoneka. Mapewa akuwawa. Ndili ndi mantha.

Lachisanu, 10 Julaye

Kwayera. Madzulo ndangoona Esteri akukwera ndi mtolo wa nkhuni. Wautula, wagwira mbali ina ya chitseko. "Mumachedwa kuchotsa inu," akutero. Lero iyeyu ndiye katswiri.

Loweruka, 11 Julaye

Afika! Kukucha tamva chifuwa kumunsi, kenaka Eneles uyo, wonyowa mpaka m'chiuno, mwana kumbuyo. Si yekha ayi: mabanja atatu, mbuzi, ndi nkhalamba ina yosenza ng'oma yake ya mpanje. Akuti moto wa asilikali anauona, anaulambalala. Nyali ya Apwitikizi imaitana zombo, yanga yaitana mudzi. Ndavina pamwalapo ngati mwana, manyazi ndilibe.

Ndinanyamula chitseko kuti ndikabwezere, Eneles wandigwira mkono.

"Achimwene, chisiyeni pompo. Amayi miyendo yatupa, tawabisa m'mabango kutsidya. Akubwera lero usiku."

Esteri watsika kale kukatola nkhuni.