Ovololo Yonunkhira Maluwa

Bambo a Misozi,

Musadabwe kupeza pakhomo pali zii. Ndathamangira kuchipatala ku Mauwa pa kabaza wa a Lackson. Njuchi zanu zandiluma pachikope, diso latupa ngati papaya, koma linalo likuona bwinobwino.

Wolakwa ndi sopo waufa uja anatipatsa achemwali a ku Limbe. Ndinachapira ovololo yanu yofulira uchi, ndimati nanunso mununkhireko. Pepani. Ndatsukuluza mpaka manja kuwawa, koma fungo la maluwa lakana kuchoka. Pamene ndimayanika kuseri kuja, pafupi ndi ming'oma, njuchi zinabwera mudzi wonse.

Ndiye chonde musaivale lero, olo mumati uchi wakhwima. Ili m'beseni, ndaiviika m'madzi a mandimu. Mukaitsukuluzenso kumjigo, muiyanike padzuwa kutali ndi ming'oma. Ikauma muifukize utsi wa zitsononkho, libwerere fungo lake lakale lija ndimadandaula nalo. Misozi ali kwa a Gertrude, wadya kale.

Inu munaleka kalekale kunditchula duwa. Lero njuchi zanu zakukumbutsani.

Ndine wanu wa diso limodzi,
Easter